Ba Sakala, Nkhalamba Yofunsa Mapepala

Mu Lusaka muno palibe munthu amene anandigonjetsapo pakamwa. Funsani aliyense amene anagulapo jaketi kwa ine. Ndagulitsapo jaketi laubweya mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kwa munthu amene anatuluka m'nyumba kukagula anyezi. Ndagulitsapo suti ya maliro kwa mkwati, iye n'kundithokoza. Mabwana a ku Kabulonga amaima ndi magalimoto awo magalasi ali otseka, kunamizira kuti akugulira wantchito wa m'munda, koma amachoka atavala okha, atalipira mtengo umene ndinaulota m'mawa. Ine ndine Mwanza, ndipo salaula, zovala zakale zobwera m'mabelo, ndiye munda wanga.

Ndayamba choncho kuti mudziwe kuti si ine munthu wofewa. Tsopano ndikuuzeni za nkhalamba imene inakhala pambali pa tebulo langa zaka zonsezi osagula ngakhale sokosi.

Ba Sakala anamwalira mwezi wathawu, nyengo ya mphepo ino pamene fumbi la Lusaka limalowa mpaka m'mano. Anamwalirira kwa mwana wawo wamkazi ku Woodlands, kuseri kwa mpanda wautali kumene anawatengera miyendo itayamba kukana. Ndinkati ndikawaona Lamlungu, koma Lamlungu ndi tsiku limene anthu amakumbukira kuti alibe chovala. Kumaliro mdzukulu wawo anawerenga mbiri yawo, nati malemu anali munthu wamtendere, wosakangana ndi wina aliyense. Ife a kumsika tinayang'anana. Bokosi likanakhala lotsegukira m'kati, nkhalamba ija ikanatulutsa mutu n'kufunsa kuti, mwana iwe, umboni wake uli kuti?

Limenelo ndilo linali funso lawo loyamba pa chilichonse cholembedwa. Lachiwiri linali lakuti, wolembayu akufuna chiyani kwa ine? Anali mphunzitsi wa kusekondale, wa kwathu kum'mawa, ndipo atapuma ntchito mafunso sanapume nawo. Ankati anaphunzitsa ana mafunso awiriwa moyo wawo wonse, ana n'kumakhoza mayeso, kenako n'kuwasiya mafunsowo pansi pa desiki pamodzi ndi chingamu. Ndiye anaganiza zowatsata ana ajawo kumsika, kumene ambiri anathera. Tonse tinkawatchula Ba Ticha.

Ankatuluka m'mafulati a ku Kabwata dzuwa litakwera pang'ono, atamanga tayi, ambulera ili m'khwapa ngakhale kumwamba kulibe kamtambo. Nyuzipepala ankatenga ya dzulo kwa wometa tsitsi. Ankati nkhani ya dzulo ndiyo yabwino chifukwa yazizira, siwotcha lilime. M'thumba la shati munkakhala cholembera chofiira, ndipo pofika masana nyuzipepala ija inkaoneka ngati yachita ngozi ya pamsewu.

Sankasiya kanthu. Mapepala a asing'anga omata pa mapolo a magetsi, aja olonjeza kubweza mkazi wothawa, ankawalembera m'munsi kuti: Abwerera angati? Anabwerera mwamuna kapena mapoto awo? Kutchalitchi anawachotsa pa ukulu wa mpingo chifukwa chofunsa mlaliki wachilendo kuti vesi limene anawerenga likukumana pati ndi zimene analalikira. Akazi awo atamwalira, abale anafuna kulemba pa chiliza kuti malemu anakondedwa ndi onse. Ba Sakala anakana kwamtuwagalu, ati mayi aja sankalankhulana ndi wa pafulati ya pamwamba chifukwa cha chingwe choyanikira zovala. Analembetsa liwu limodzi lokha: Anandipirira. Ankati pa limeneli umboni anali nawo wokwanira.

Ankati munthu akamanama maso amaphethira, koma pepala siliphethira, ndiye uyenera kuliphethiritsa wekha. Ankatinso ukakumana ndi mawu akuti aliyense akudziwa, dziwa kuti palibe anaona.

Ine ndi iwo tinadziwana chifukwa cha katoni. Ndinali nditalembapo ndi makala kuti CHIKOPA CHENICHENI CHA KU ULAYA, ndipo bambo wina wa mu ofesi anali atavala kale jaketi, akudziyang'ana pa kalilole wanga wosweka, pamene ndinamva mawu kumbuyo.

"Mwana wanga, ng'ombe yake unaiona?"

"Ba mudala, nili pa nchito."

"Inenso. Walemba kuti chikopa chenicheni. Chikusonyeza zimenezo n'chiyani?"

"Gwilani mumvele. Nunkhizani."

Ananunkhiza mwaulemu, mbali zonse ziwiri. "Ndikumva mankhwala a m'belo ndi thukuta la mzungu. Ng'ombe sindikuimva."

Kasitomala anaseka, navula jaketi, napita. Ndinawatukwana mumtima mpaka agogo awo. M'mawa mwake anabweranso, nakoka kreti ya mabotolo, nakhala. Ati tebulo langa ndi sukulu yabwino chifukwa bodza limafika latsopano tsiku lililonse. Ndinawathamangitsa kangapo. Kenako ndinazindikira kuti nkhalamba ya tayi ikakhala pa tebulo lako, odutsa amayesa ndiwe woona mtima. Ndinawasiya. Amene ankandithawitsira ndi amene ankandikokera ankangofanana, ndipo ine ndinkadzitama kuti ngakhale mdani ndimamugulitsa.

Nthawi imeneyo tebulo langa linali kumbuyo kwa kamsika kathu, pakati pa ogulitsa malasha ndi chimbudzi. Jaketi loyera linkada lisanafike Lachitatu. Malo abwino pamsika wathu ndi amodzi okha: pageti, pamene minibasi zimatsitsira anthu. Ndipo tili ndi lamulo losalembedwa lakuti malo a pageti sagulidwa. Mwini wake akachoka kapena akamwalira, amalowapo amene wakhalitsa pamsika kuposa onse otsala. Wokhalitsayo ndinali ine. Eni malo anali Bana Chanda.

Bana Chanda ndi mayi wa Chibemba wa ku Luapula, wamasiye, amene analera ana awo ndi mbaula imodzi ndi chiwaya cha zitumbuwa. Mzere wa ogula unkayamba ife tisanamasule mabelo. Kuno Abemba ndi ife a kum'mawa tili pachimbuya: timanyozana mwaufulu, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Ba Sakala sankadutsa pageti mwamtendere.

"Ba Ticha, mwadya mbeba zingati lelo?"

"Zochepa kuposa anyani amene mwatha ku Luapula, mayi. Ndamva kuti nkhalango yatsala yokha."

"Awe mwandi, imwe ba kum'mawa! Tayi pa khosi, mchila wa mbeba pa mulomo."

Koma kugula sankagula. Adokotala anawaletsa zamafuta ndi zotsekemera chifukwa cha matenda a shuga, ndipo pepala la adokotala ndi lokhalo limene ndinawaona akuligonjera. Ankati ilo linabwera ndi mboni yake, magazi awo omwe.

Uthenga unafika tsiku lina m'mawa pa gulu la pa foni la anthu a pamsika, kuchokera ku nambala imene palibe ankaidziwa. Unkati mayi wa zitumbuwa wa pageti amakanda ufa wake ndi madzi osambitsira mitembo, ogula kwa munthu wa kumochale, kuti makasitomala azimutsata ngati ntchentche. Unkati mayi wina wopemphera anaona chigubu chake. Unkati ana ambiri adwala. Unkati aliyense akudziwa. Unatha ndi mawu akuti geti ndi nkhope ya msika, ndipo nkhope iyenera munthu waukhondo.

Ndinauwerenga ndili pa tebulo langa, fumbi la malasha likugwera pa foni. Kukhala ndi nkhalamba ija kunali kutandiwononga kale. Ndisanafike pakati ndinali nditaona kuti mulibe dzina, mulibe tsiku, mulibe mwana ngakhale mmodzi amene ungapite kukamuzonda. Ndinaona zonsezo bwinobwino. Kenako ndinakweza maso kuyang'ana kugeti, n'kuyamba kuyeza kuti pa waya wa mpanda pangapachikike majaketi angati.

Komiti ya msika inaitanitsa msonkhano pansi pa shedi ya ogulitsa tomato. Bana Chanda anawakhazika pa mpando pakati, atavala chitenje cha kutchalitchi, manja ali pamaondo. Tcheyamani wathu, Ba Mulenga ogulitsa nyama, anati iwo sakuweruza munthu, akungofuna mtendere. Kumbuyo anthu anali akukuwa kale kuti achoke. Ba Sakala sanali wamsika. Analibe tebulo, analibe mawu pa msonkhano. Anangoimirira, napempha foni ya tcheyamani, navala magalasi.

Anauwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ndipo pa chiganizo chilichonse ankaima.

"Mayi wina wopemphera. Chabwino. Amayi opemphera muli ambiri pano. Amene munaona chigubu, imikani dzanja."

Manja onse anapeza chochita m'zitenje.

"Ana ambiri adwala. Mwana wa yani? Tiyeni tikamuone tsopano lino, ambulera ndili nayo."

Mayi wina wogulitsa kapenta anati mwana wa mlamu wake anatsegula m'mimba sabata yatha.

"Anadya chiyani?"

"Kaya. Enze kuli ambuye bake ku Kafue."

Anthu anaseka. Ba Mulenga anakanda khosi. "Ba Ticha, vinthu va so sivinkhala na mboni. Ni va usiku."

"Nanga wolembayu anazidziwa bwanji? Kapena iyenso ndi wa usiku?"

Anadikira kuti phokoso lithe. "Tsopano funso lachiwiri. Munthu woopa kuti ana afa amalemba kuti thamangirani kuchipatala, kapena kuti itanani a zaumoyo adzayeze ufa. Uyu sanatero. Wayamba ndi mitembo kuti muchite mantha. Wadutsa pa ana kuti mukwiye. Koma taonani pamene wakaimira." Anawerenganso mzere womaliza uja, wa geti ndi nkhope. "Sakufuna kuti ana achire. Akufuna kuti pageti pakhale popanda munthu."

Pamenepo shedi yonse inatembenuka kuyang'ana ine.

Ndathamangitsidwapo ndi mwamuna wa kasitomala, ndalumidwapo ndi galu wa ku Avondale ndikupereka suti, koma thukuta la tsiku limenelo linali la mtundu wina. "Ni Mwanza!" wina anakuwa. "Ndiye alipo pa mzele!" Mayi wa kapenta uja anali atavula kale patapata.

Ba Sakala anagogoda pansi ndi ambulera.

"Ayi. Mwatuluka m'dzenje kukagwera lina. Ndanena chimene wolemba akufuna, sindinanene dzina lake. Mwanza apindula, inde. Kupindula si umboni. Angakhale wina amene ali ndi chiwaya chake kunyumba, angakhale wa kaduka chabe. Muli ndi chiyani chomugwirira munthuyu? Palibe. Chimodzimodzi ndi mayiwa."

Patapata anabwerera kuphazi. Ndinapuma ngati ndatula belo.

Kenako nkhalamba ija inapita pa beseni la Bana Chanda, nivundukula nsalu, nitenga chitumbuwa chachikulu kuposa zonse. Inadya pamaso pa msika wonse, osafulumira, mafuta akudontha pa tayi.

"Uwunso si umboni," inatero ikutafuna. "Ndangozisowa nthawi yaitali."

Atameza, Ba Sakala anandiyang'ana. Beseni linali lovundukula, pafupi ndi bondo langa. Aliyense pa shedi ija ankadziwa pakamwa panga. Ndikanangotenga chimodzi, n'kuponya nthabwala ya anyani, theka la msika likananditsatira ndipo beseni likanatha. Munthu anali atangondichotsa kumene m'kamwa mwa ng'ona. Ine ndinatulutsa foni m'thumba n'kuiyang'ana ngati yalira.

Komiti inati palibe mlandu. Bana Chanda anabwerera pa mbaula yawo. Koma mimba ya munthu siwerenga. Omwe aja amene anaseka pa shedi ankadutsa pageti atapotoza khosi. Makondakita a minibasi, amene amadya chilichonse chosathawa, anayamba kugula mabanzi a m'shopu. Ba Sakala okha ndiwo ankagula m'mawa uliwonse, n'kudzaika kapepala ka zitumbuwa pa tebulo langa, pambali pa mataye. Zinkazizira pomwepo mpaka madzulo. Madzi a mitembo sindinkawaopa ayi. Ndinkaopa kuti wina andiona ndikudya, n'kuyamba kugula nawo.

Mvula isanayambe, Bana Chanda anazimitsa mbaula, nakweza chiwaya pa wilibala. Palibe anawathamangitsa. Lamulo lathu linagwira ntchito yake, ndipo ine ndinasamukira pageti, mwachilungamo, pamaso pa komiti.

M'mawa woyamba, ndikupachika majaketi, ndinamva chinthu chikukwekwesa pansi kuchokera kumbuyo kwa msika. Anali Ba Sakala akukoka kreti yawo. Anaikhazika pambali panga, pomwe panali mbaula, natsegula nyuzipepala. Anapitiriza kundiwonongera malonda monga kale, kufunsa ng'ombe, kufunsa nkhosa, koma za tsiku lija sanatchulepo. Zaka zinadutsa. Ndinagula tebulo lachiwiri. Tsiku lina mvula itatitsekera awiriwiri pansi pa pulasitiki, ndinalephera kupirira.

"Ba Ticha, muganiza ndine n'nalemba chija chinthu?"

"Ayi."

"Muziba bwanji?"

"Sindidziwa. Ndilibe umboni, ndiye sindiganiza."

"Manje n'chifukwa chani mumaniyangana so?"

Anapinda nyuzipepala. "Anthu aja a pa shedi sanadziwe kuwerenga, Mwanza. Kumeneko ndi kulephera kwa ife aphunzitsi. Koma iwe unawerenga bwino. Ndinakuona nkhope ndisanafike pa mzere wachiwiri. Mwa ophunzira anga onse, amene anamvetsa ndiwe." Anatambasulanso nyuzipepala ija. "Ndiye mpaka lero sindidziwa kuti ndikupatse malikisi anji."

Ndinawayankha kuti malikisi sadyedwa. Anavomereza kuti pamenepo ndanena zoona.

Pa maliro a munthu wa kum'mawa, Abemba ndiwo eni bwalo. Amaphika, amanyoza malemu, amapaka ofedwa ufa kumaso, ndipo palibe wololedwa kukwiya. Titabwerako kumanda, tikusamba m'manja pakhomo la ku Woodlands, ndinamva dzanja likundigwira kolala. Anali Bana Chanda. Imvi zinali zitatuluka m'mphepete mwa duku, koma mphamvu za dzanja zinali zomwe zija zokandira ufa. Anandipaka kumaso, m'makutu, mpaka pa suti imene ndinali nditaibwereka pa waya wanga womwe.

"Uyu ndiye mwana wabo woyamba!" anakuwa. "Onani mwamene anenepela pa geti yanga! Shani, iwe wakudya mbeba, malo yanakukwana? Kapena nikubweletsele na mbaula?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira mpanda. Inenso ndinaseka. Mwambo umatero.

Kenako anatsitsa mawu, akupitiriza kundipaka pachipumi ngati akudzoza mwana. "Batate bako aba benze kukwela minibasi zibili kubwela ku Chelstone kwamene nigulitsila manje. Mwezi na mwezi, mpaka mendo yanakana. Bagula vitumbuwa, bankhala pa mwala, baniuza ati, Mwanza apeleka moni. Nenze kuziba ati ni boza. Munthu wa umboni, kunama so!" Anapukuta manja pa phewa langa. "Manje uja moni wako nauyankha lelo. Nili bwino."

Anandisiya nathamangira kukapaka mdzukulu.

Munthu amene anakana kunamizira akazi ake omwe pa chiliza, anakwera minibasi ziwiri kukanama m'malo mwanga. Ndayesa kulifunsa bodza limenelo funso lachiwiri lija, kuti linkafuna chiyani. Mwina linkafuna kuti mayi aja asamve kuti msika wonse unawataya. Mwina linkandisungira khomo kuti tsiku lina ndikafike osachita kuyamba ndi kupepesa. Mwina nkhalamba inangotopa kudikira wophunzira wake, n'kumulembera yokha mayeso. Woti andiuze tamukwirira.

Pakati pa tebulo langa ndi mzati wa geti pali mpata woti munthu mmodzi akhale atapinda miyendo. Mphepo imakankhirapo mapepala a maswiti ndi makoko a mtedza, ndipo madzulo ndimasesapo, ine amene sindinagwirepo tsache pamsika pano. Mtsikana wogulitsa mayunitsi wapempha kawiri kuti aikepo katebulo kake. Ndamukaniza popanda chifukwa chomveka. Dzulo bambo wina anagwira juzi n'kufunsa ngati ndi ubweya weniweni. Ndinatsegula pakamwa, khosi n'kutembenukira lokha kumanzere, kumene kunkakhala kreti. Panalibe munthu. Ndinamva ndikunena kuti sindidziwa, ndipo bamboyo anandiyang'ana ngati ndadwala. Kutsogolo kwanga kondakita amakuwa tsiku lonse kuti tauni, tauni, ndipo kutauniko ndi kumene munthu amasinthira minibasi ya ku Chelstone. Sindinakwerebe.

Geti ndili nalo ine, ndipo malonda akuyenda. Mayi aja akukazinga m'mbali mwa msewu wa eni ake. Nkhalamba ili m'manda. Nanga inu mukuona bwanji, pa malonda amenewa anapambana ndani?